Mafunso ndi mayankho: dera losauka lingapikisane bwanji pa msika wa dziko lonse?

Nkhani imeneyi imakambidwa kwambiri m'misonkhano ya atsogoleri, koma ikamatuluka m'menemo imakhala itakulungidwa m'mawu akuluakulu. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa zimene zinachitikadi m'mayiko amene anayesa, ena n'kupambana, ena n'kugwa.

Kodi dera limene likupikisana bwino timalizindikira bwanji?

Anthu akunja, amene sakukudziwani ndipo alibe nanu chifundo, amagula katundu wanu n'kubweranso kudzagula kachiwiri. Wogula wa ku Rotterdam kapena ku Shanghai ali ndi ogulitsa ambirimbiri oti asankhepo. Akasankha inu, ndiye kuti mtengo wanu, ubwino wa katunduyo ndi tsiku limene mumamufikitsira zamukwanira. Koma malondawo ayeneranso kumakweza malipiro a anthu a m'deralo chaka ndi chaka. Dera limene likugulitsa kwambiri chifukwa antchito ake akulandira ndalama zosakwana ndi chakudya chomwe, silinapambane kalikonse.

Muzu wa zonsezi ndi kuchuluka kwa zimene munthu mmodzi amatulutsa pa ola limodzi la ntchito. Wosoka amene makina ake sazima, nsalu imamupeza pa nthawi yake ndipo anaphunzitsidwa bwino, amasoka malaya ambiri kuposa mnzake amene theka la tsiku amadikira magetsi. Woyambayo angalipidwe zambiri, malaya ake n'kukhalabe otsika mtengo.

Mayiko osauka ali ndi antchito otsika mtengo. Kodi zimenezo sizokwanira kukopa mafakitale?

Zikanakhala zokwanira, bwenzi mafakitale onse ali m'mayiko osaukitsitsa, koma sali kumeneko. Malipiro ndi gawo limodzi chabe la ndalama zimene fakitale imawononga. Pali magetsi, madzi, mayendedwe, chiwongola dzanja cha ngongole, masiku amene kontena imagona pa doko, komanso ziphuphu zimene palibe amazilemba m'mabuku.

Ethiopia inatsegula malo aakulu a mafakitale osoka zovala ku Hawassa mu 2016, ndipo chokopa chachikulu chinali malipiro otsika kwambiri. Makampani anabweradi, koma antchito ambiri ankasiya patangopita miyezi yochepa, chifukwa ndalamayo sinkakwana lendi ndi chakudya. Aliyense wosiya ankapita ndi luso limene anali atangoliphunzira, ndipo wolowa m'malo mwake ankayambira pachiyambi. Ku Bangladesh, kugwa kwa nyumba ya Rana Plaza pa 24 April 2013, kumene kunapha anthu oposa 1,100, kunaonetsa kumene kuchepetsa ndalama pa chilichonse kumathera.

Kodi boma lilowererepo, kapena lisiye amalonda achite okha?

Akatswiri a zachuma akhala akukangana pa funsoli kwa zaka zambiri, koma pa mayiko amene anatukuka mofulumira n'kovuta kupeza limene boma lake linangopinda manja. Kusiyana kunali pa kathandizidwe.

South Korea kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inali yosauka kwambiri, itangotuluka m'nkhondo, yopanda mafuta a pansi. Boma la Park Chung-hee, amene analanda ulamuliro mu 1961, linatenga mabanki m'manja mwake n'kumapereka ngongole zotsika chiwongola dzanja kwa makampani. Zimenezi mayiko ambiri anachitanso. Chimene Korea inawonjezera ndi muyezo. Kampani yolandira thandizo inkapatsidwa mlingo wa katundu woti igulitse kunja, ndipo mwezi uliwonse pulezidenti ankakhala pansi ndi nduna ndi amalonda kuona mmene malondawo akuyendera. Wokwanitsa ankamuwonjezera ngongole, wolephera ankamutsekera. Mu 1964 dzikolo linagulitsa kunja katundu wa madola 100 miliyoni, ndipo mu 1977 linafika madola 10 biliyoni.

Muyezo wa malonda akunja unali wanzeru chifukwa sunamizidwa. Nduna ingakometse lipoti, koma singakakamize sitolo ya ku Germany kugula wailesi yosalira. Kampani ya zitsulo ya POSCO, imene inakhazikitsidwa mu 1968 World Bank itakayikira ntchitoyo, inayamba kusungunula zitsulo ku Pohang mu 1973 ndipo inakula mpaka kukhala imodzi mwa zikuluzikulu padziko. Fakitale ya zitsulo ya Ajaokuta ku Nigeria, imene kumanga kwake kunayamba mu 1979 mothandizidwa ndi Soviet Union, yadya madola mabiliyoni koma sinagwirepo ntchito monga inakonzedwera. Onse awiri anali maloto a boma. Mmodzi ankafunsidwa kuti aonetse zimene wagulitsa, winayo ankangopatsidwa.

Pena anthu amamva nkhani ya Korea n'kuganiza kuti chitukuko chimafuna wolamulira wankhanza. Park ankamanga atsogoleri a mabungwe a antchito, ndipo zimenezo n'zosayenera kuzibisa. Koma olamulira ankhanza ambiri anasiyira mayiko awo ngongole zokhazokha, pamene Mauritius, Botswana ndi Costa Rica anakweza chuma chawo akuchita zisankho.

Nanga kukweza msonkho wa katundu wolowa kuti mafakitale a m'deralo akule?

Mayiko ambiri olemera lero anachita zimenezo. United States ndi Germany anateteza mafakitale awo m'zaka za m'ma 1800. Vuto limabwera chitetezo chikakhala chopanda tsiku lothera. Brazil inakhazikitsa lamulo mu 1984 losungira makampani a m'dzikomo msika wa makompyuta ang'onoang'ono. Zotsatira zake, anthu ndi mafakitale ena onse ankagula makompyuta okwera mtengo komanso otsalira m'mbuyo, mpaka lamulolo linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku India galimoto ya Ambassador inapangidwa kwa zaka zambirimbiri osasintha kwenikweni, popeza panalibe wopikisana nayo woisowetsa tulo.

Chitetezo chopindulitsa chimakhala ndi malire a zaka, chimafuna kuti wotetezedwayo ayambe kugulitsa kunja, ndipo sichikhudza zipangizo zimene ogulitsa kunja amafuna. Mukakweza msonkho wa ulusi ndi nsalu kuti muteteze fakitale imodzi, mwapha osoka onse amene akanagulitsa zovala kunja.

Bwanji osangoletsa kutumiza kunja zinthu zosakonzedwa?

Mkwiyo umene uli m'funsoli ndi womveka. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko, koma ndalama zambiri za chokoleti zimatsalira kwa opanga ndi ogulitsa ku Ulaya ndi ku America.

Indonesia inaletsa kutumiza kunja miyala ya nickel yosayengedwa kuyambira January 2020. Makampani, ambiri a ku China, anamanga ng'anjo zoyengera pa chilumba cha Sulawesi, ndipo ndalama zimene dzikolo limapeza pa nickel zinakwera kwambiri. European Union inakasuma ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, ndipo mu 2022 gulu loweruza linagamula mokomera European Union. Chiletsocho chinatheka chifukwa Indonesia ili ndi nickel wochuluka kuposa dziko lina lililonse, choncho ogula analibe kothawira. Anthu okhala pafupi ndi ng'anjozo akulipira ndi utsi wa malasha ndi madzi owonongeka. Dera limene limatulutsa gawo laling'ono la katundu wina likaletsa, wogula amangopita kwa mnzake, ndipo mlimi kapena wokumba amatsala ndi katundu wopanda msika.

Komanso kukhala ndi chinthu m'nthaka sikutanthauza kuti kuchiyenga pomwepo n'kotsika mtengo. Aluminiyamu amatsata magetsi. Iceland ilibe miyala yake, koma imayenga chifukwa ili ndi magetsi ambiri otsika mtengo, ndipo fakitale ya Mozal ku Mozambique, yotsegulidwa mu 2000, inamangidwa kuti iziyenga zipangizo zochokera ku Australia. Nthawi zina phindu lalikulu silili m'fakitale n'komwe. Duwa lothyoledwa ku Naivasha ku Kenya limagulidwa bwino ku Netherlands chifukwa limafika lisanafote, ndipo luso lake lili m'nyumba zoziziritsira, m'malole ndi m'ndege.

Kodi migodi ndi mafuta ndi dalitso kapena tsoka?

Zimadalira zimene ndalamayo ikafika imachita. Ndalama zakunja zikalowa zambiri nthawi imodzi, ndalama ya dzikolo imakwera mphamvu, katundu wakunja amatsika mtengo, ndipo alimi ndi mafakitale a m'dzikomo amalephera kugulitsa kunja. Izi zinaoneka ku Netherlands atapeza gasi ku Groningen mu 1959. Nigeria inali pakati pa mayiko otsogola pogulitsa mtedza ndi mafuta a kanjedza m'zaka za m'ma 1960, koma mafuta a pansi atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970 ulimi wogulitsa kunja unafota.

Botswana inachita mosiyana. Dayamondi atapezeka ku Orapa mu 1967, boma linagwirizana ndi kampani ya dayamondi ya De Beers, ndipo lero kampani ya Debswana ndi ya awiriwa theka ndi theka. Ndalama zinapita ku misewu, sukulu ndi zipatala, zina n'kusungidwa m'thumba la Pula Fund kuyambira 1994. Mu 2013 De Beers inasamutsira malonda ake akuluakulu a dayamondi kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Ngakhale zili choncho, Botswana ikadali yodalira mwala umodzi, ndipo kubwera kwa dayamondi wopangidwa m'mafakitale kwaigwedeza kwambiri.

Dera lopanda nyanja lingapikisane?

Lingathe, koma liyenera kusankha bwino zogulitsa ndi kukhala bwino ndi oyandikana nawo. Katundu wolemera koma wotsika mtengo amadyedwa ndi ndalama za mayendedwe asanafike pa doko. Wopepuka koma wa mtengo wapatali amapirira ulendo. Switzerland imagulitsa mankhwala ndi mawotchi. Ethiopia imatumiza maluwa pa ndege zake za Ethiopian Airlines, ndipo Rwanda inamanga malo otsukira khofi kuti izigulitsa khofi wapamwamba m'malo mopikisana pa kuchuluka.

Chimene chimapweteka kwambiri si kutalika kwa msewu, ndi kudikira. Lole yoima pa chipata cha malire masiku atatu ikudya malipiro a dalaivala, chiwongola dzanja cha katunduyo ndi chikhulupiriro cha wogula. Zambia ndi Zimbabwe atatsegula chipata cha Chirundu mu December 2009 monga malo amodzi oonera mapepala a mayiko onse awiri, nthawi yodikira inatsika popanda kumanga doko kapena njanji. Mgwirizano wa WTO wofewetsa kayendedwe ka katundu pa malire, umene unayamba kugwira ntchito mu February 2017, ukunena zinthu ngati zomwezi: mapepala azitumizidwa pa kompyuta katundu asanafike, malamulo azilengezedwa poyera, ndipo wamalonda wodziwika kuti ndi wokhulupirika asamamasulidwe katundu yense ulendo uliwonse. Ntchito zoterezi zilibe riboni yoti nduna idule, n'chifukwa chake zimachedwa.

Katundu wathu ndi wabwino, nanga bwanji amakanidwa kunja?

Chifukwa wogula safuna kumva kuti ndi wabwino, amafuna umboni. Mu 1999 European Union inaletsa nsomba za m'nyanja ya Victoria zochokera ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, atamva kuti asodzi ena akuphera nsomba mankhwala. Mafakitale anatsekedwa, anthu anachotsedwa ntchito. Msika unatsegulidwanso mayikowo atakonza malabotale oyezera, ukhondo wa m'madoko a asodzi ndi ntchito yoyendera mafakitale.

Miyezo ikukulirakulira. Lamulo la European Union la 2023 lokhudza kudula nkhalango likufuna kuti wogulitsa khofi, koko, soya, mafuta a kanjedza, raba, matabwa ndi ng'ombe aonetse malo enieni kumene katunduyo anachokera. Kampani yaikulu ingakwanitse yokha. Mlimi wa munda waung'ono sangathe popanda bungwe la alimi kapena boma kumuthandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ena amati miyezo yotereyi ndi njira yotsekera osauka khomo, ndipo pena amanena zoona. Koma labotale imodzi yovomerezeka kunja imatsegula misika yambiri kuposa madandaulo a m'misonkhano.

Kodi madera apadera a mafakitale amathandiza?

Ena anathandiza kwambiri. Mzinda wa Shenzhen ku China unasankhidwa mu 1980 chifukwa unali khomo ndi khomo ndi Hong Kong, kumene kunali mpamba, doko ndi amalonda odziwa ogula. Mauritius inakhazikitsa lamulo la madera otere mu 1970, n'kuchoka pa kudalira shuga yekha kupita ku zovala. Morocco inatsegula doko la Tanger Med mu 2007, ndipo Renault inatsegula fakitale ya magalimoto pafupi nalo mu 2012.

Ambiri anangokhala mipanda ndi zikwangwani. Kawirikawiri amakhala atamangidwa kwawo kwa wandale wina, kutali ndi doko ndi antchito, kapena kuchotsa msonkho n'kumene kunali chokopa chokhacho. Dera lapadera ndi malo oyeserapo malamulo abwino pa kachigawo kakang'ono, ndipo China inafalitsa zimene zinayenda bwino ku mizinda ina.

Makampani akunja amabwera, amapeza phindu, n'kupita. Deralo limatsala ndi chiyani?

Limatsala ndi zimene anthu ake aphunzira, ngati anapatsidwa mpata wophunzira. Mu 1979 kampani ya Desh Garments ya ku Bangladesh inagwirizana ndi Daewoo ya ku Korea, n'kutumiza antchito 130 kukaphunzira ku Korea kusoka, kuyendetsa fakitale ndi kuchita ndi ogula akunja. M'zaka zotsatira ambiri mwa anthuwo anachoka n'kukayambitsa kapena kuyendetsa mafakitale ena. Lero zovala zimabweretsa ndalama zoposa 80 peresenti ya zonse zimene Bangladesh imapeza pogulitsa kunja.

Costa Rica inakopa Intel, kampani yopanga zipangizo za m'makompyuta, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2014 Intel inatseka mbali yake yolumikiza zipangizo, anthu n'kuganiza kuti zatha. Koma mainjiniya, masukulu a zaluso ndi mbiri ya dzikolo zinatsala, ndipo zipangizo za m'chipatala zinakhala katundu wamkulu amene limagulitsa kunja. Vietnam, kumene Samsung inayamba kupanga mafoni ku Bac Ninh mu 2009, ikulimbanabe ndi funso lakuti makampani a m'dzikomo alowe bwanji m'ntchitoyi, popeza zipangizo zambiri zodula zimachokera kunja.

Choncho pokambirana ndi kampani yakunja, nkhani ya zaka zosakhoma msonkho isamadye nthawi yonse. Mafunso olemera ndi akuti idzaphunzitsa anthu angati, ndani adzakhale akapitawo ndi mamanijala pakatha zaka zisanu, ndipo ndi zipangizo ziti zimene idzagule kwa opanga a m'deralo.

Kodi kuchepetsa mphamvu ya ndalama kumathandiza ogulitsa kunja?

Kumathandiza amene ali kale ndi katundu woti agulitse. Dera limene limaitanitsa mafuta, feteleza ndi makina, koma logulitsa zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, limangoona mitengo ikukwera. Kumbali ina, kuumirira ndalama pa mphamvu yabodza kumalanga wogulitsa kunja, kumabala msika wamseri, ndipo ndalama zakunja zimathera kwa odziwana ndi akuluakulu. Wamalonda amafuna mtengo woona, wosadumphadumpha, ndi chitsimikizo chakuti akafuna madola ogulira zipangizo adzawapeza.

Nanga mapangano a zamalonda monga AGOA ndi AfCFTA?

Amatsegula khomo, koma sakupatsani katundu wolowa naye. AGOA, lamulo la United States la mu 2000 lolola katundu wambiri wa mayiko a mu Africa kulowa ku America popanda msonkho, linathandiza Lesotho kukhala ndi mafakitale osoka mathalauza ndi malaya ogulitsa ku America. Pa 1 January 2005 malire amene ankachepetsa zovala zochokera ku Asia atachotsedwa, mafakitale angapo ku Lesotho anatseka. Ethiopia inachotsedwa mu AGOA mu January 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Tigray, ndipo Hawassa inamva kuwawa. Mwayi woperekedwa ndi dziko lina ungalandidwe tsiku lililonse, choncho zaka zimene ulipo n'zoti mugwetse ndalama zopangira katundu mpaka muthe kugulitsa ngakhale utachoka.

AfCFTA, pangano lofewetsa malonda pakati pa mayiko a mu Africa, inasainidwa ku Kigali mu March 2018, malonda pansi pake analoledwa kuyamba pa 1 January 2021, ndipo likulu lake lili ku Accra. Kufunika kwake n'kwakuti katundu amene mayiko a mu Africa amagulitsana okhaokha amakhala wopangidwa m'mafakitale kwambiri kuposa amene amatumiza kutsidya la nyanja. Msika wa oyandikana nawo ndi poyambira pabwino kwa fakitale yaing'ono. Koma msonkho ukachotsedwa pa pepala, zotchinga za pamsewu, ziphaso zobwerezabwereza ndi kuvuta kolipirana zimakhalabe.

Kodi ulimi uli ndi malo pa nkhaniyi?

Uli ndi malo oyamba. Taiwan inagawa malo kwa alimi pakati pa 1949 ndi 1953, zokolola zinakwera, ndipo ndalama za alimi zinakhala msika ndi mpamba wa mafakitale ang'onoang'ono a kumidzi, zaka zambiri TSMC, kampani yaikulu yopanga zipangizo za m'makompyuta, isanabadwe mu 1987. Vietnam itayamba kusintha kwa kayendetsedwe ka chuma kotchedwa Doi Moi mu 1986 n'kulola mabanja kulima ndi kugulitsa okha, inachoka pa kusowa mpunga n'kuyamba kugulitsa kunja mu 1989, ndipo lero ndi yachiwiri kwa Brazil pa khofi. Chakudya chikakhala chotsika mtengo m'tawuni, malipiro a wantchito wa m'fakitale amagula zambiri popanda kukweza mtengo wa zimene akupanga.

Makina odziyendetsa okha achuluka, China yadzaza msika. Kodi njira ya mafakitale sinatsekeke?

Yachepa, koma sinatsekeke. Fakitale ya lero imalemba anthu ochepa kuposa ya m'ma 1970, ndipo imafuna odziwa kuwerenga malangizo ndi kukonza makina. Komabe kusoka zovala ndi nsapato kukadali ntchito ya manja, ndipo malipiro atakwera ku China, ntchito zambiri zinasamukira ku Vietnam, Cambodia ndi Bangladesh. Palinso ntchito zogulitsidwa kudzera pa intaneti. India inakula ndi mapulogalamu a kompyuta ku Bangalore, ndipo ku Philippines anthu oposa 1 miliyoni amagwira ntchito zoyankha mafoni ndi kusunga mabuku a makampani akunja. Ntchito zimenezi sizidikira pa doko, koma zimafuna magetsi osazima, intaneti yodalirika ndi sukulu zimene mwana amatulukamo akudziwadi kuwerenga ndi kuwerengera. Sizilemba amene anasiyira sukulu panjira, ndipo m'madera osauka amenewo ndi ambiri.

Zimatenga zaka zingati?

Zambiri kuposa nthawi ya boma limodzi. Kuchokera pa Doi Moi kufika pa fakitale ya Samsung ku Bac Ninh panapita zaka 23, ndipo pakati pake Vietnam inalowa mu WTO mu 2007 itakambirana zaka zoposa 10. Mu 1961 katswiri wa zachuma James Meade, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, ankaona tsogolo la Mauritius kukhala lovuta chifukwa chodalira shuga ndi kuchulukana kwa anthu. Maboma a kumeneko akhala akusinthana, koma ndondomeko yokopa mafakitale ndi kufunafuna misika yatsopano sinkagwetsedwa chisankho chilichonse. Singapore inakhazikitsa bungwe lake lokopa makampani, Economic Development Board, mu 1961, ndipo likugwirabe ntchito yomweyo mpaka lero.